Choko Changa ndi Hedi ya Chipembere

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo lija lakusiyani? Nanga amayi akudzuka bwanji? Kuno tonse tili bwino. Mayi a ana anali ndi chifuwa, koma chikutha.

Nkhani yaikulu ndi yakuti Chipembere, galimoto yanga yokalamba ija, chadzuka. Tsiku la amayi ku chipatala cha maso silinasinthe, ndi Lachiwiri pa 14 mwezi wamawa, ndipo ndibwera ndekha kudzawatenga. Msewu wathu mukuudziwa. Basi imathera pamsika, kuchokera pamenepo pamafunika galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo amayi sangakwere njinga yamoto asakuona. Adokotala anandiuza kuti tikaphonya tsikuli, ochotsa ng'ala adzabweranso chaka chamawa. Ndiye mumvetse chifukwa chake masabata awiri apitawa ndakhala ku galaja kuposa ku shopu yanga yosokera.

Ndiyambe ndi kuulula, poti ndinu akulu. Amene anaononga galimotoyi ndine. Ndinali pachitunda pamene kamuvi ka kutentha kanakwera mpaka pofiira, paipi ya madzi itabooka. Ndi mantha ndinaima, n'kutsegula ndi nsanza rediyeta, thanki ya madzi oziziritsa injini, n'kukhuthuliramo chigubu chonse cha madzi ozizira nthawi yomweyo. Ndinkati ndikuipulumutsa. M'mawa mwake kumbuyo kunkatuluka utsi woyera, ndipo oyilo anasanduka ngati tiyi wamkaka.

Makaniko wanga timamutcha a Mawamawa, chifukwa chilichonse amati mubwere mawa. Iwo anati hedi, chitsulo chachikulu chovundikira injini pamwamba, yang'aluka ngati tambula yagalasi. Anati galimotoyi yapirira madalaivala osasamala zaka makumi awiri ndi zisanu, koma yaphedwa ndi telala wosamala. Anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke.

Hedi yatsopano ya mtundu umenewu m'masitolo mulibenso, choncho anakapeza yakale kwa mayi wina wogulitsa zitsulo za magalimoto akufa. Ine ndinatseka shopu, n'kupita ku galaja ndi katoni, choko changa cholembera nsalu, ndi thumba la zidutswa. Bawuti iliyonse akamasula, ndinkaibaya pakatoni n'kuilemba nambala. Paipi ndi waya uliwonse ndinkaumanga kansalu kofanana ndi ka pamalo pamene wachoka. Pofika masana injini inkaoneka ngati chingwe choyanikira zovala. A Mawamawa anandifunsa ngati ndikufunanso kuiyeza m'chiuno kuti ndiisokere thalauza.

Hedi yogulayo anaitsuka ndi palafini, n'kuipukuta mpaka kuuma. Anati ndi yabwino kwambiri, tiikweze tikangodya. Ine, kuopa kuti tingasokoneze kutsogolo ndi kumbuyo, ndinalemba manambala ndi choko kunsi kwake, 1 mpaka 4. Titabwerako kokadya, ndinaona kamzere kakuda, kopyapyala ngati ulusi, katadutsa pakati pa nambala 3. Ndinawaonetsa. Iwo anati limenelo ndi tsitsi langa lomwe likuthothoka ndi nkhawa.

Koma achimwene, choko ndachigwira zaka makumi atatu. Mafuta a makina akadonthera pa malaya a kasitomala, ndimapakapo choko, ndipo chimakoka mafutawo kuchokera mkati mwa nsalu. Ndiye ndinadzifunsa kuti ngati chitsulochi chapukutidwa n'kuuma, palafini ameneyu akutuluka kuti? Ndinapukutanso, n'kupera choko chonse, n'kuwaza ufa wake ponseponse. Tinadikira. Kamzere kaja kanabwereranso pomwepo, katali kuposa poyamba. Hedi imeneyonso inali yong'aluka. A Mawamawa anavula chipewa, nakanda m'mutu, nati tikanaikweza, ikanakatimwalirira pakati pa tchire amayi ali momwemo.

Tinaibweza pa wilibala. Poyamba mayi wogulitsa uja anati kwa iye inachoka yamoyo. Nditamuonetsa za choko, anangogwira pakamwa, n'kutiloza ku mulu kuti tisankhe tokha. Ndinayesa hedi zitatu ndi palafini ndi choko pansi pomwepo, anthu atandizungulira ngati ndikuchita matsenga. Yachitatu inakhala yoyera mbee. Potsazikana mayiyo anati ndidzabwerenso tsiku lililonse, koma choko ndizichisiya kunyumba, ndingamutsekere bizinesi.

Yachitatuyo tinakaipalitsa pa makina kuti isalale, n'kugula gasiketi yatsopano yoika pakati pa hedi ndi injini. Pomanga mabawuti sayamba kumapeto ayi. Amayambira pakati kumka kunja, pang'onopang'ono, maulendo atatu, monga ndimachitira pobaya mapini kuti nsalu isachite makwinya. Anabwereka sipanala yaitali yomwe imalira kuti tha ikafika pamlingo. Ine ndinkatchula manambala, iwo n'kumamanga. Palibe bawuti inatsala pakatoni, ndinawerenga kawiri.

Lachisanu m'mawa tinaliza Chipembere. Chinatsokomola kawiri, kachitatu chinabangula monga kale. Ndisanasekerere n'komwe, ndinaona thovu likutuluka pakamwa pa rediyeta. A Mawamawa anati ndi mpweya chabe wotsalira m'mapaipi, ndikhale pansi, ndipo wina abise chigubu cha madzi atelala asanachione. Patapita mphindi khumi thovu linatha. Chitunda chomwe chija ndachikwera katatu, kamuvi kali phee pakati. M'mawa uliwonse ndimasolola kachitsulo koyezera oyilo, ndipo ndi woyera bwino, mulibe mkaka. Mayi a ana akuti ndayambanso kuimba posoka.

Dzulo a Mawamawa anabwera okha ku shopu, tsiku lomwe analonjeza, chinthu chomwe sichinachitikepo. Anazungulirazungulira ndi nkhani za mvula, kenako anapempha choko. Ndinawapatsa ziwiri. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pempho langa ndi limodzi. Mu envelopu muno ndaikamo tepi yanga yakale yoyezera. Chonde mupite pamtsinje powolokera paja popanda mlatho, muimike ndodo m'madzi malo atatu, tsidya lanu, pakati, ndi tsidya linalo, kenako muyeze ponyowapo ndi tepiyo. Munditumizire manambala pa foni, ndipo muchitenso chimodzimodzi kutatsala masiku awiri kuti ndinyamuke. Musandiuze kuti madzi ndi ochepa, kapena kuti akulekeza m'mawondo, chifukwa mawondo anu ndi anga ndi osiyana. Hedi imeneyi siilawanso madzi ozizira ine ndili moyo.

Mupereke moni kwa alamu, kwa achemwali ndi amuna awo, kwa amalume, ndi kwa ana onse. Amayi muwawerengere kalatayi, koma za chigubu mulumphe. Muwauze kuti ndawasokera diresi yobiriwira yoti adzavale potuluka m'chipatala, mtundu wake adzaweruze okha. Muwachenjezenso kuti akadzawamasula nsalu kumaso, adzapeza mwana wawo ali ndi imvi zomwe sanazionepo, ataima pafupi ndi galimoto yonyansa ya chitseko chimodzi chofiira. Asadzabwerere m'chipatala, ndife omwewo tabwera kudzawatenga.

Mutsale bwino mpaka tidzagwirane chanza.

Ndine mng'ono wanu,
Telala