Bokosi la Alamu

Lachitatu, Okutobala 1996

Ndatopa, ndipo bondo latupa. Ndagwanso ndi mthuthuthu pamchenga wa njila ya ku Lukusuzi, bokosi lachitsulo lonyamulila mankhwala a ng'ombe n'kundipsinja mwendo. Andichotsapo ndi amayi awili ochokela kumunda.

Ndapita kwa telala kumsika kuti andisokele zikwama ziwili za tenti, zolendewela uku ndi uku. Zimenezo ndikagwa sizingandithyole mwendo.

Vuto ndi alamu, achimwene a akazi anga. Bokosilo anawotchelela okha n'kundipatsa ulele, atalembapo dzina langa ndi penti. Lelo andipeza kwa telalako, ndikutsimphina.

"Muli uli, mulamu? Bokosi lija lili bwanji?"

Ndayankha kuti, "Ndi lolimba kwambili, alamu."

Sindinaname. Koma zikwama zikutha Loweluka, ndipo njila yanga imadutsa pakhomo pao penipeni.