Chopondapo cha Mayi a Goodness

Chamama, Kasungu
Novembala 2013

Malume a Lameki,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti dzuwa lanyanya, ndipo kuthirira nazale ya fodya kwandithyola msana.

Njinga yamoto ija ndinagula nditagulitsa fodya, yaing'ono koma yaitali, ya m'misewu yafumbi. Imathamanga ndithu, koma kuisamala kwake ngati khanda. Sabata iliyonse ndimatsuka sefa ya mpweya ndi kuthira oilo pa tcheni mpaka manja bii.

Akazi anga, mayi a Goodness, anaikwera kamodzi kokha. Anakhala chammbali monga amakhalira amayi. Ekizozi inawawotcha mwendo, chitenje n'kukodwa mu tcheni, tili pakati pa msika. Ine m'malo moona mwendowo ndinathamangira kuona ngati njinga yakalika, ndipo ndinawakalipira anthu akuonerera. M'mawa mwake anati akukaona amayi awo ku Chisemphere. Ino ndi sabata yachisanu.

Ndinapita kwa wowotcherera, anandiikira chopondapo chokwana mapazi onse awiri, ndi lata lotchinga ekizozi ndi tcheni. Pampando ndinawonjezera siponji. Zakhala bwino kwambiri, koma chimene chakwerapo mpaka lero ndi thumba la feteleza wa kuponi basi.

Mukamabwera pa Khirisimasi mundigulireko tcheni. Komanso paja ankhoswe athu ndinu, malume. Msewu wa ku Chisemphere njingayi imaukwanitsa bwinobwino, koma kawiri konse ndabwerera panjira.

Ndine mwana wanu,
Sankhani