Loboti yopanda mphuno

Lolemba, 9 Juni

Tafika ku mpikisano. Chipinda chothina, zenera losatsekeka, soketi yogwira ntchito imodzi yokha. Chimphuno chafika chamoyo, tayala lokha lapindika m'basi. Dzinali tinachipatsa tokha, poti loboti yathu yonse ndi mphuno basi, chimbale cha waya chonunkhiza chitsulo pansi pa dothi. Mphunoyo ndinakulunga ndine, zala mpaka matuza. Ubongo wake, pulogalamu ya pakompyuta, ndi wa Magalasi, mnzanga wa kuyambira chaka choyamba, uja tinkabwerekana naye ndi sopo yemwe.

Bwalo ndaliona. Mchenga wosalazidwa bwino, zingwe m'mbali, mabomba abodza okwiriridwa pansi. Loboti yopambana akaiyesa ku minda yeniyeni, komwe nkhondo inasiya mabomba ake. Gulu lokaiyesa ndi lomwe muli achimwene. Mtima uli m'mwamba.

Lachiwiri, 10 Juni

Achimwene aimba foni pa nthawi yopuma. Mawondo atupanso, zovala za m'mawondo zasanduka nsanza. Ntchito yawo ndi imeneyo, kugwada tsiku lonse, kachitsulo m'manja, kutokosa dothi pang'onopang'ono. Mwambo wawo anandiuza kalekale: akati munda wayera, oyamba kuyendamo ndi iwo omwe, eni munda akuonerera, kuti akhulupirire.

"Iwe tipangire galu wachitsuloyo, nafenso tiziyenda choimirira ngati anthu." Ndaseka, kenako misozi. Zopusa.

Lachitatu, 11 Juni

Gawo loyamba. Chimphuno chapeza mabomba onse. Maloboti a masukulu olemera, onyezimira ngati mafiriji a m'sitolo, aphonya. Aphunzitsi athu kukumbatira aliyense, ndi mlonda yemwe. Magalasi anandinyamula m'mwamba.

Madzulo ndatsegula chivundikiro kuti ndipukute fumbi. Waya wofiira wa mphuno uli lende, wosalumikiza. Ndinauchotsa ndekha m'mawa kuti ndiuwotcherere bwino, atatiitana mwadzidzidzi ndinangotseka n'kuthamanga. Ndiye kuti mphuno inali yakufa m'bwalo monse muja.

Nanga chimanunkhiza ndi chiyani?

Lachinayi, 12 Juni

Ndamufunsa Magalasi kuseri kwa jenereta. Poyamba kukana, kenako kupukuta magalasi akewo ndi malaya, maso pansi. Akuti amacheza ndi bambo wosalaza mchenga m'bwalomo, ndipo bamboyo amadziwa pomwe akwirira mabomba. Malo onse Magalasi anawalowetsa mu pulogalamu. Loboti imangopita kukaima pomwe yauzidwa, ngati mwana woloweza mayankho a mayeso.

"Mphuno yako imaphonya mchenga ukanyowa, nawenso ukudziwa. Tipambane kaye, zinazo tikonza." Ndati nanga achimwene, si akayenda pambuyo pake? Akuti sizingafike pamenepo. Munthu woti wagonapo kwathu, amayi anamuyalira mphasa, achimwene anamubwereka nsapato tsiku lomwe ankakafunsira malo ophunzirira ntchito.

Ndathamangira kwa aphunzitsi. Sanadabwe n'komwe, ndipo apa ndi pomwe pandipweteka. "Mwana wanga, dzina la sukulu lili pamenepa. Iwe ona za mawaya." Kani onse awiri amadziwa. Ine miyezi yonseyi kukulunga waya, iwo akundidyera masuku pamutu, mphuno yanga ili chokongoletsa chabe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndakwiya kwambiri. Wayawo ndaulumikiza, kaya chifukwa chiyani.

Lachisanu, 13 Juni

Mawa gawo lomaliza. Magalasi wandisiyira chakumwa chozizira pakhomo. Chikadali pomwepo, chafunda.

Uthenga wa achimwene: gulu lawo lonse lionera pa foni ya kapitawo. Akuti akhala akudzitama kuti mchemwali wawo ndi injiniya.

Ndikangonena pakamwa, ndani angandimvere? Mawu anga ndi a aphunzitsi sangafanane kulemera. Koma yonyamula Chimphuno kukachiika pamzere ndi ntchito yanga. Magalasi amakhala mutenti, kumbuyo kwa nsalu, amangodina batani akamva wezulo. Mabawuti a mphuno ndinamanga ndine. Sipanala ili m'thumba la ovolosi.

Ndikuopa. Chaka chomaliza ichi, amayi anauza kale mpingo wonse kuti ndikumaliza sukulu.

Lachitatu, 18 Juni

Kunyumba. Masiku onsewa cholembera chimandilemera.

Loweruka lija ndinachiika Chimphuno pamzere, ndinamasula mphuno pamaso pa oweruza, n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense aione. Woweruza wamkulu, mayi wa imvi, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analiza wezulo. Magalasi anadina. Chimphuno chopanda mphuno chinanyamuka bwinobwino, kuima, kulira, kuyenda, kuima, kulira. Mabomba onse chinawapeza, osaphonya ndi limodzi lomwe. Wina kumbuyo anaseka.

Atichotsa mu mpikisano. Aphunzitsi auza akuluakulu a sukulu kuti ndinachita dala chifukwa cha nsanje. Lolemba ndikaonekera ku komiti. Magalasi anakhala mpando wa kutsogolo m'basi, ulendo wonse osacheuka. Amayi sakundilankhula zambiri, amangondiikira chakudya.

Achimwene aimba dzulo. Gulu lonse linaona. Ndinkayembekeza kuti anena kuti ndachita bwino. Iwo anangoti: "Ndiye tigwadabe." Mawu otopa. Asanadule anati ndiwapezereko zovala zina za m'mawondo.

Mphuno ndinabwera nayo m'chikwama. Lero ndathira mchenga m'beseni kuseri kwa nyumba, ndakwirira msomali, ndathirapo madzi.

Yaphonya. Pamenepa pokha Magalasi sananame.

Waya wina ulipo m'kabati. Ndiyambe kukulunga zala zisanapole.