Maginito pa Kanema wa Malume

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwendo uja wayamba kupepuka. Kuno ku Perth ndili bwino.

Dzulo ndili m'sitima ndinalandira uthenga woti ondiyesa a kuyunivesite avomereza buku la kafukufuku wanga, tsopano ndine dokotala wa sayansi. Ndinakumbukira tsiku lija, ndili mwana, pamene ndinagunditsa maginito pagalasi la kanema wanu, nkhope ya wowerenga nkhani n'kupindika. Simunandimenye. Munangoti, "Yamikani, undiuze chamupinda munthuyu n'chiyani."

Malume, zaka zonsezi ndakhala ndikufufuza zomwezo, momwe maginito amakhotetsera tinthu tosaoneka tothamanga m'makina aakulu. Yankho lachedwa, koma ndalipeza.

Chonde kanema uja musamutaye. Ndikufuna ndidzakuyankheni pamaso, tili patsogolo pake. Mulungu akusungeni mpaka ndifike.

Ine mwana wanu,
Yamikani