Kachikwama kodziwika kale

Lachinayi, mwera ukuwombabe.

Tsiku layenda mofatsa, ngakhale kalata ija ndaiwerenga katatu. Inabwera kuno kuchilumba ndi sitima dzulo. A ku ofesi yolembetsa maluso kumtunda akana kundipatsa chiphaso chotsimikiza kuti ndine mwini luso la kachikwama kanga ka ndalama, kaja ndimasoka ndi chubu cha galimoto, kosalowa madzi, koyandama kakagwera m'nyanja.

Masana ndinapita nayo kwa a Chirwa, aphunzitsi a ku Chipyela amene anandithandiza kulemba fomu. Anawerenga mwakachetechete, n'kuvula magalasi.

"Bambo, sakunena kuti n'koipa ayi. Akuti si katsopano, anthu akukadziwa kale."

"Akadziwa bwanji a kumtundawo?"

"Munawauza nokha."

Zoonadi. Ndine ndinakakamira kuika zithunzi mu envelopu, asodzi a ku Mbungo ndi ku Yofu atanyamula tizikwama tawo tomwe ndinawasokera, n'kulembapo kuti akhala nato zaka zinayi. A Chirwa anandiletsa, ine osamva. Ndinkati umenewo ndiwo umboni woti kanthuka kamagwira ntchito. Kani lamulo limafuna ulembetse chinthu anthu asanachione n'komwe!

Ndinapsa mtima, koma pofika pamsika unali utazizira. Ndikanakabisa zaka zonsezi, zitupa zingati za asodzi zikanavunda m'matumba?

Kunyumba akazi anga, amake Tereza, angoti, "Ndiye akukanani chifukwa choti chilumba chonse chinakuvomerani?"

Kalatayo ndaipinda n'kuiika m'kachikwama komweko, kuti isanyowe. Mawa ndidule chubu, a ku Mbungo akufuna tina...