Mabuleki a Chipembere

Wokondedwa mwana wanga,

Ndiyambe ndi moni. Uli bwanji kumeneko? Nanga mpongozi wanga ndi adzukulu anga ali bwanji? Chifuwa chija chinamusiya wamng'onoyo? Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Ine mawondo ndi msana ndiwo akudandaula, koma si matenda ayi, chifukwa chake uchimva kutsogoloku.

Amene akulemba ndi mlongo wako. Ndamuuza kuti alembe momwe ndikuyankhuliramu, asakonze, chifukwa akakonza zimamveka ngati za ku ofesi. Akuti bwanji osangoimba foni. Pa foni iwe umandiposa pakamwa. Ndisanafike pakati umakhala wanena kale kuti chabwino amayi ndamva, pamene sunamve. Pepala silidula munthu mawu.

Nkhani yake ndi ya Chipembere, galimoto ya bambo ako.

Munthu wako wogula zitsulo uja anabweradi. Ndikudziwa kuti unamutuma ndi mtima wabwino. Unati galimoto yangokhala pabwalo chidwalireni bambo ako, ikungochita dzimbiri, bola ipite tiwagulire chikuku choyendera. Mapepala ake ali m'dzina lako, ndiye mawu omaliza ndi ako. Zimenezo sindikukana.

Koma kabweredwe kake, mwana wanga. Anaizungulira uku akumenya matayala ndi phazi, kenako akuti iyi ndi yongophwasula basi, injini payokha, zitseko pazokha. Ankayankhula mokweza ngati pakhomo palibe munthu. Bambo ako anali pakhonde pampando wawo uja. Sitiroko inawalanda dzanja lamanja, mwendo wamanja ndi mawu, koma makutu inawasiyira. Ndinamuuza munthuyo kuti adzabwerenso kumapeto kwa mwezi, ndiyambe ndayankhula ndi mwana wanga.

Tsiku limenelo bambo ako sanadye. M'mawa mwake chimodzimodzi, anangotembenukira kukhoma. Paja kuchipatala anatiuza kuti tiziwaphunzitsa mawu, tiziwaonetsa kapu anene kapu, tiziwaonetsa chitseko anene chitseko. Iwo ankangotsinzina. Ndipo ine sindinkawada. Munthu amene wayendetsa galimoto m'mapiri moyo wake wonse, lero mwana wake amuimirire kutsogolo ndi kapu?

Ndiye ndinatenga ovolosi yawo kuseri kwa chitseko, ndinapinda miyendo ndi manja, n'kupita kukatsegula boneti. Kunena zoona ndinalibe maganizo okonza. Ndinkangofuna kulira kwa boneti kuja kuwafike m'chipinda. Sipanapite nthawi ndinamva ndodo, go go go, pansi. Akufuna kutuluka.

Usaiwale kuti amene ankagwira tochi zaka zonse zija bambo ako akamakonza galimoto ndi ine. Iwe unkathawira ku mpira, mlongo wakoyu ankati girizi amamuyabwa. Akuti ndi bodza. Lemba choncho, ndi zoona. Sukulu ndinalekera panjira, ndipo manambala a pa masipanala maso anga sawaona bwino, koma dzanja langa limadziwa sipanala ndi kulemera kwake.

Tinawaikira mpando pambali pa galimoto. Iwo amaloza ndi ndodo, ine ndimagwira. Akagogoda pansi kamodzi ndiye kuti eya. Akagogoda mobwerezabwereza ndiye kuti ukuwononga. Masiku oyamba kunali kubwerezabwereza kokhakokha, mpaka wometa wa tsidya la msewu uja anabwera kudzafunsa ngati tagula ng'oma.

M'kati mwa boneti ndinapeza makoswe atamanga mudzi, ana ndi zidzukulu. Mawaya awiri anali atawadya. Ndinawalumikiza momwe bambo ako ankachitira, kupota bwinobwino kenako tepi, osati kungomata. Batire ndinaikweza pa wilibala kupita nayo kotchajitsa. Bauti iliyonse imene ndamasula ndinkaibaya pa katoni, pamalo ofanana ndi pomwe yachoka, kuti pobwezera ndisasokoneze. Imeneyo ndi nzeru yanga, si ya bambo ako. Ataona katoniyo anagogoda kamodzi. Ulembe bwino pamenepo, anagogoda kamodzi.

Sefa ya dizilo inali bii ngati pansi pa poto. Ndinaikulunga m'kansalu n'kupita nayo kusitolo ya masipeya, chifukwa dzina lake lachizungu lilime langa limakana. Wogulitsa akuti mayi, makaniko amene wakutumaniyo bwanji osabwera yekha. Ine ndinangoika manja pa kauntala kuti aone zikhadabo. Panopa ndikangolowa amati bwana makaniko afika, apatseni mpando.

Tsiku limene injini inalira, iwe! Inayamba yatsokomola, kutsokomolanso, kenako inabangula. Utsi unadzaza bwalo lonse, galu wa aneba anathawa osabwerera mpaka madzulo. Bambo ako anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, misozi ili chuchuchu. Tsiku limenelo anadya mpaka kuloza poto ndi ndodo.

Koma kulira si kuyenda. Nditaponda buleki, phazi linangopita mpaka pansi ngati ndaponda nthochi yakupsa. Ndipo ukudziwa chitunda chathu chino, wopanda mabuleki amakaima m'nyumba ya eni ake kumunsi. Ndinakweza galimoto pa jeke, ndinaika zitsa pansi pake, chifukwa bambo ako salola munthu kulowa pansi podalira jeke yokha. Ndinapeza kapaipi kamodzi kong'ambika ndi timalabala totha. Zonsezo ndinasintha ndekha.

Tsopano apa umvetsetse, chifukwa nkhani yonse ili apa. Ukasintha zimenezo, m'mapaipi mumatsala mpweya, ndipo buleki yokhala ndi mpweya siigwira. Kuuchotsa ndi ntchito ya anthu awiri. Wina amakhala pampando, amapopa buleki ndi phazi kenako n'kuigwira. Wina amagona pansi pa galimoto, amatsegula kabauti kakang'ono kuseri kwa tayala, mafuta ndi thovu n'kumatulukira m'botolo. Phazi likafika pansi, wapansiyo atseke msanga mnzake asanakweze phazi. Akachedwa, mpweya umabwereranso momwemo, ntchito yonse yapita m'madzi. Ndipo amene amadziwa kuti phazi lafika pansi ndi mwini phazi yekha.

Mlongo wako anali kuntchito. Ndinati tidikire Loweruka. Bambo ako anadziloza pachifuwa, kenako analoza mpando wa dalaivala. Ndinati inu bambo, mugwa. Ndodo inayamba kubwerezabwereza. Ndinakaitana wometa uja, tinawanyamula n'kuwakhazika, iye anabwerera kwa kasitomala wake.

Mwendo wawo wamanzere uli ndi mphamvu ndithu. Chimene tonse awiri sitinachiganizire ndi ichi. Kuti akhale chilili pampando, dzanja lawo labwinolo limayenera kugwira chiwongolero. Ndiye ndodo agwira ndi chiyani? Zaka ndi zaka tachita ntchito imeneyi, iwo pansi ine pampando, ndipo palibe anakumbuka kuti imayendera pakamwa.

Ndinagona pa chiguduli pansi pa Chipembere, ndikungoona mimba yake. Ndikuti popani, ndikumva akupopa. Ndikuti gwirani, n'kutsegula kabauti. Koma mwendo wawo sukhalitsa, umatopa n'kudumpha wokha. Ine ndikamatseka, mpweya walowa kale. Tinabwereza, tinabwerezanso. Thovu m'botolo osatha. Mafuta a mabuleki anatsala pang'ono m'chigubu, dzimbiri likundigwera m'maso. Ndinalira pang'ono pansi pomwepo, poti panalibe wondiona. Ayi, zimenezo usalembe. Walemba kale? Basi zisiye.

Ndinapukuta m'maso n'kunena kuti bambo, tiyesenso komaliza. Anapopa. Ndinatsegula. Kenako ndinamva mawu kuchokera pamwamba, akuti tsekani.

Ndinayesa wometa wabwerera. Ndinayang'ana uku ndi uku, miyendo ya munthu panalibe. Mawu ake anali okhakhala ngati chitseko chimene chakhalitsa osatsegulidwa. Anabweranso, akuti tsekani, mayi.

Ndinatseka. Ndinagona pomwepo sipanala ili pachifuwa, kuopa ngakhale kupuma. Chidwalireni ndinali ndisanamve liwu limenelo, koma kubuula kokha. Ndinkafuna kutuluka ndikawaone kumaso, koma ndinati ndikatuluka achita manyazi, asiya. Ndiye ndinangoti popani, ngati palibe chachitika. Anapopa. Kenako akuti tsegulani.

Tinazungulira matayala onse choncho, iwo akulamula ine ndikumvera, monga kale. Pa tayala lomaliza mafuta anatuluka oyera opanda thovu. Ndinamva akuponda, kupondanso, kenako akuti yalimba. Nditatuluka ndinawapeza thukuta lili kamukamu, akuyang'ana kutsogolo ngati ali pa msewu waukulu. Sanandiyang'ane. Nanenso ndinangotola masipanala.

Kuchokera tsiku limenelo mawu akubwera, limodzilimodzi. Amati sipanala. Amati jeke, amati oyilo. Amatinso mwalakwitsa, limenelo ndiye limatuluka bwino kuposa onse. Kapu mpaka lero amakana. Mlongo wako akuti m'nyumba muno tiyi tizimutcha oyilo kuti bambo azipempha okha. Koma dzana m'mawa anamuitana mlongo wakoyu ndi dzina lake, kuti awapatsire nsanza yopukutira m'manja. Taona, wayamba kulira, adonthezera pepala. Pukuta, tipitirize.

Lachiwiri linali tsiku lawo la kuchipatala, ndipo mvula inali itagwa usiku wonse. Ukudziwa kuti kukagwa mvula a matakisi amakana kukwera kuno. Mlongo wako ndiye anayendetsa, poti laisensi ali nayo, bambo ako pambali pake, ine kumbuyo ndi bokosi la zitsulo. Potsika chitunda ndinagwira mpando ndi manja onse. Iye anaponda buleki, Chipembere n'kuima nji. Mabuleki anga amenewo. Anamwino atamva bambo ako akunena kuti zikomo, anafunsa kuti mukuwapatsa chiyani. Ndinati girizi. Akuti kaya ndi chiyani, musasiye.

Pobwerera, pamatope paja pafupi ndi kamlatho, matayala akumbuyo anayamba kungozungulira. Ndinatsika kukapotokola maloko a matayala akutsogolo kuti onse anayi akoke. Ndinapotokola limodzi, m'changuchangu n'kuyamba kukwera. Bambo ako akuti linalo. Ndinatsikanso, matope mpaka m'mawondo. Mlongo wako analowetsa giya yaing'ono ija, ndipo Chipembere anakwera pang'onopang'ono, akung'ung'udza ngati nkhalamba imene yadzutsidwa kutulo. Tinadutsa kagalimoto kena konyezimira katatitimira m'mbali, mwini wake ataima ndi nsapato m'manja. Ine ndinangotulutsa chigongono pawindo. Wometa anatuluka kudzaimba m'manja, kusiya munthu atametedwa mbali imodzi.

Tsono mwana wanga, pempho langa ndi ili. Umuimbire munthu wako uja asabwerenso. Mwezi watsala pang'ono kutha, ndipo galimoto iliyonse yaikulu ikamveka kumunsi bambo ako amasiya kutafuna n'kutchera khutu.

Sindikunama kuti ndi yatsopano. Chitseko chakumbuyo timamanga ndi waya. Oyilo imadontha, ndimatchera beseni. Mawa idzafanso china, ndikudziwa. Koma ndi chomwecho chimene ndikuifunira. Chikafa china, bambo ako amadzuka m'mawa ali ndi choti andiuze. Chikuku ndi chabwino, tikadzachipeza tidzayamika, koma chikuku sichifuna kuchotsa mpweya. Ukatichotsera Chipembere pabwalo pano, mawu otsalawo akawatenga kuti?

Ndiponso, ndinene ndisabise, nanenso ndaikonda ntchitoyi. Ndakalamba ndikuchapa maovolosi a anthu ena. Pano ndikuchapa yanga.

Chatsala ndi kilatchi, ikuterereka pokwera. Bambo ako akuti mpaka titsitse giyabokosi, ndipo chimenecho ndi chitsulo cholemera, ine ndi mlongo wako sitingathe. Ndawafunsa pompano kuti kodi mwana wanu ndimuuze chiyani, poti ali pomwe pano akumva zonse. Alimbana ndi mawu, pakamwa pakugwedera. Kenako akuti abwere. Ndafunsa kuti basi? Akuti ovolosi. Yako ija ikadali kuseri kwa chitseko, koma kaya ikukwana, poti pa chithunzi chija mimba yatsogola.

Undiperekere moni kwa mpongozi wanga, umuuze kuti mafuta odzola aja anafika ndipo akundithandiza m'manja mong'alukamu. Adzukulu anga uwauze kuti akadzabwera agogo awo aakazi adzawakweza Chipembere, adzaimbe hutala mpaka atope. Mlongo wako akupereka moni, akuti dzanja lamupweteka. Mulungu akusunge, akudalitse pa ntchito yako, ndipo akufewetse mtima pa nkhani imeneyi.

Chidindo chakuda chili m'munsimu usachiyese litsiro. Bambo ako akana cholembera. Apaka chala chawo chamanzere pa girizi n'kudinda okha.

Ndine mayi ako,
bwana makaniko