Masamba a pamsewu

Lachinayi, mwezi wa Juni. Tsiku lolemera, mwera osaleka.

Tamuika m'manda Asiyatu, mwana wa a Saidi oyandikana nafe, amene anagundidwa ndi lole ya mpunga dzulo.

M'mawa tinayala masamba pamsewu monga timachitira pakagwa maliro. Malole ochokera ku Lifuwu ankadutsa pang'onopang'ono, madalaivala ena atavula zipewa. Apanjinga ankatsika. Ngakhale nkhuku zinkawoloka mosathamanga.

Chaka chatha ife a komiti ya m'mudzi tinapempha kuti tiunde zitunda zadothi pamsewu, magalimoto azichepetsa liwiro. A tcheyamani a chipani anati, "Msewu ndi wa boma. Amene aukumbe akayankha yekha." Nkhani inathera pomwepo.

Lero anthu atabalalika pamaliro ndinauza a Saidi kuti masambawo tisawachotse, akauma tiziikapo ena. Iwo anakana.

"Achimwene, masamba popanda maliro ndi kuitana maliro ena. Kachotseni."

Ndachotsa ndi manja anga. Ndisanafike n'komwe pakhomo, lole ina yadutsa ndi liwiro lomwe lija, fumbi mpaka pakhonde.

Mawa mwana wanga Esinati awolokera pomwepo popita kusukulu.